Wophunzira Nambala 14 ndi Kamera Yotsekedwa

A Myron Kutsak anali munthu wosapempha. Kuno ku Zoria ngakhale agalu ankazidziwa zimenezo. Thirakitala ikawafera pakati pa munda, ankagona pansi pake ndi sipanala mpaka italiranso, aneba n'kumadutsa kawiri katatu kufunsa ngati angathandize. "Zili bwino," ankayankha choncho, oyilo ali chuchuchu kumaso. Anabadwira pa famu yomweyo, anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu kuti azithandiza bambo awo kulima tirigu, ndipo chichokereni bambo awowo sanakhalepo ndi wowalamula. Pofika zaka 74 tirigu anali atamusiya chifukwa cha maondo, koma ng'ombe zawo makumi atatu anakana kwamtuwagalu kuzigulitsa.

Kuuma mutu konseko kunkathera pa munthu mmodzi, akazi awo a Stefania. Mayiwa anayamba kugontha ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu, pang'onopang'ono, mpaka ngakhale timakina ta m'makutu tinasiya kuthandiza. Anaphunzira kumva poyang'ana milomo. Koma milomo ya anthu ndi yovuta: wina amalankhula akutafuna, wina akuyang'ana pansi, madokotala ndiye amalankhula ndi mapepala awo. Milomo ya a Myron yokha ndi imene ankaiwerenga ngakhale amuna awowo ataima kukhola iwo ali pawindo. Sabata imene anazindikira zimenezi, a Myron anameta ndevu zapamlomo zimene anazisunga zaka makumi atatu, popanda wowauza. Kuyambira pamenepo, kutchalitchi, kubanki, kuchipatala, munthu ankalankhula, a Stefania n'kutembenukira kwa amuna awo, iwo n'kubwereza mawuwo mwachifatse. Nkhani ikapanda kudutsa pakamwa pa a Myron, kwa a Stefania inali isananenedwe.

Mu Febuluwale wa chaka chathachi a Stefania anagwa m'khitchini atanyamula mbale. Ambulansi inapita nawo kuchipatala cha mumzinda wa Saskatoon, ulendo wa maola anayi, kumene kumakhala mwana wawo Darlene. A Myron sanathe kutsatira, chifukwa inali nyengo imene ng'ombe zimabereka, ndipo thole likabadwira panja m'chisanu chathuchi popanda munthu pafupi, limauma lisanayamwe n'komwe. Anapangana ndi mneba wina kuti adzawasungire ng'ombezo Lachinayi la sabata yotsatira. Lachitatu madzulo mphepo inatembenuka, sinowo, chipale chofewa chija, n'kuyamba kuwomba chopingasa. Lachinayi m'mawa wailesi inalengeza kuti msewu waukulu watsekedwa.

Foni yapakhoma inalira 9 koloko. Pa famupo foni zam'manja sizigwira, pokhapokha utakwera pamwamba pa nkhokwe.

"Adadi, amayi akukana kusaina," anatero Darlene.

"Kusaina chiyani?"

"Chikalata cha opaleshoni. Dokotala akufuna kuwachita opaleshoni ya mtima mawa m'mawa. Ndawalembera zonse papepala, masamba awiri, akankhira pepalalo uko. Akuti, 'Ndimve kwa bambo ako.' Dokotala abweranso 4 koloko. Akapeza sanasaine, malowo apatsa wina, ndiye tidikirenso masabata atatu. Adadi, ponena za masabata atatuwo dokotala anapukusa mutu."

A Myron anayang'ana pawindo. Ngakhale khola silinkaoneka.

"Ndibwera pa thirakitala."

"Musanene zamisala! Kamera ija ndinakugulirani pa Khirisimasi ili kuti?"

"Ili m'bokosi mwake."

"Inde, ndimadziwa. Itulutseni, muilumikize pa kompyuta. Ndakutumizirani linki pa imelo. Mukadina, amayi azikuonani pa foni yanga."

Tsopano kompyuta imeneyi ili ndi mbiri yake. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo sukulu yathu ya Zoria inatsekedwa. Ana anatsala khumi ndi asanu ndi anayi okha, denga likudontha, ndipo komiti itaponya mavoti, atatu anati itsekedwe, atatu anati ayi. Tcheyamani ndiye anayenera kudula mlandu, ndipo tcheyamaniyo anali a Myron. Patapita mwezi katundu wa pasukulu anagulitsidwa mu holo momwemo: madesiki, belu, piyano, ngakhale mapoto a kukhitchini. A Myron anagulako kompyuta imodzi kuti a Stefania azilemberana ndi Darlene, poti foni kwa iwo inalibe ntchito. Ikayaka inkalemba kuti "Wophunzira 14" n'kutseguka yokha. Zaka zonsezi a Myron ankaonerapo zanyengo ndi mitengo ya ng'ombe basi. Masamba ena akakana kutseguka, iwo ankangoti ndi mmene intaneti imakhalira.

Anabaya chingwe cha kamera kumbuyo kwa kompyuta, kakamerako n'kukakhazika pamwamba pa sikirini. Anatsegula bulawuza, anapeza imelo ya Darlene, anadina linki. Panatuluka kabokosi kakuda ndi mawu akuti kamera yatsekedwa.

"Palibe vuto," anatero Darlene pa foni. "Pakona yakumanja, pamwamba, pali timadontho titatu. Dinani pamenepo, mupite pa masetingi, mukalole kamera."

Anadina. Sikirini inayera mbee, pakati pake n'kulemba kuti tsamba limeneli latsekedwa ndi woyang'anira wanu.

"Woyang'anira wanga? Ameneyo ndiye ndani?" anakalipa a Myron. "Ine nyumba ndi yanga, magetsi ndi anga, kompyuta ndinagula ndekha pamaso pa mudzi wonse. Akundiyang'anira ndani m'khitchini mwanga muno?"

"Yesaninso, Adadi."

Anayesa. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Darlene anati aikemo bulawuza ina, koma kompyuta inafuna pasiwedi ya woyang'anira yemweyo. Analemba dzina lawo, inakana. Analemba dzina la sukulu, inakana. Darlene atapita kukaona amayi ake, a Myron anachita zimene amadziwa: anatenga sikuludiraiva, anatsegula chibokosi cha kompyutacho, anachinyamula kupita nacho kugalaja n'kuchipopera mpweya mpaka fumbi la zaka zambiri linatuluka ngati utsi. Anagwedeza waya aliyense, anamanganso bwinobwino, anayatsa. Mawu aja anali pompo, osasuntha ndi pang'ono pomwe. Apa ndiye mantha anawagwira zenizeni. Chinthu chothyoka amachiona n'kuchiwotcherera, koma ichi chinali chamoyo bwinobwino, chinkangowakaniza.

Cha m'ma 11 koloko Darlene anaimbanso. Atamva zonse anafunsa:

"Adadi, makompyuta a pasukulu paja ankawatseka ndani?"



"Mukumudziwa," anapitiriza Darlene. "Imbani."

"Mayi ameneyo sangandiyankhe."

"Ndiye akukanireni yekha. Kwatsala maola asanu."

Mayi Noreen Loewen anagwira ntchito pa sukulu ya Zoria zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pa pepala anali sekilitale. Koma laibulale anali iwo, womanga mabala a ana anali iwo, ndipo makompyuta atabwera, mayi wa makompyuta anakhalanso iwo omwe, ataphunzira okha m'mabuku. Sukulu itatsekedwa ntchito inatha, ndipo chibale chawo ndi a Myron chinathera pomwepo. Kuno mukakumana pamsewu, aliyense amadzutsa chala chimodzi pa chiwongolero. Umadzutsira aliyense, ngakhale munthu amene ng'ombe zake zinakudyera udzu dzulo. Mayi Noreen anasiya kudzutsira chala a Myron. Zaka zisanu ndi chimodzi, magalimoto awo akakumana, manja a mayiwo ankakhala gwa pa chiwongolero. A Myron zinkawawawa, koma sanauzepo munthu.

Anavala jekete, anapita kukhola, anawerenga ng'ombe zimene anali ataziwerenga kale. Anabwerera, anaima pa foni, anapitanso kukathira nkhuni m'mbaula. Kunyada n'koipa, anthu inu! Munthu mkazi wake ali pa bedi la chipatala, iye n'kuwononga mphindi makumi anayi akuzungulira foni. Nambalayo anaipeza pa kalendala, yolembedwa ndi dzanja la a Stefania, ndipo ataona zilembo zopendekazo ndi pamene anaimba.

"Halo?"

"Ndi Myron Kutsak."



"A Tcheya! Kwagwanji? Kwatsala chiyani choti mutseke?"

A Myron anafotokoza mosalongosoka, poyambira pakati: kamera, dokotala, 4 koloko, pepala limene a Stefania anakankhira uko. Atamaliza, mawu a mayi aja anali atasintha.

"Stefania akudya?"

"Pang'ono, akutero Darlene."

"Ikayaka imalemba nambala yanji?"

"Chiyani?"

"Kompyutayo, bambo inu. Wophunzira nambala yanji?"

"Folotini."

"Ha! Ya pafupi ndi windo. Mwaichita chiyani kale?"

"Ndangoipopera mpweya."

"Mayo ine! Musaikhudzenso. Manja m'thumba, mwamva? Pa foni sizingatheke, ndikubwera."

"Msewu watsekeka, Noreen."

"Ndakufunsani za msewu ine?"

Kuchokera kwa a Loewen kufika kwa a Kutsak ndi makilomita asanu ndi atatu podutsa m'minda. Mayi wa zaka 66 anakwera njinga yamoto yoyenda pa sinowo, imene anasiya malemu amuna awo, n'kumatsatira mpanda wa waya mtengo ndi mtengo, chifukwa patsogolo sipankaoneka kanthu. A Myron anatulutsa thirakitala, anaiimika pageti, anayatsa magetsi onse, n'kumaliza hutala mphindi zisanu zilizonse. Ola linatha. Anayamba kudzitukwana: waitanira mayi wa eni ku imfa chifukwa cha kabokosi. Itangodutsa 2 koloko anamva kulira kwa injini kumbali ya dambo, kenako kanyali kachikasu kanatulukira. Mpaka lero a Myron akafika pamenepa pofotokoza, mawu amawathera, amangovula chipewa n'kuchigwira.

Mayi Noreen analowa m'nyumba nsidze zili mbuu ndi chisanu. Anamasula jekete lawo lalikulu, n'kutulutsa m'kati mwake buledi, soseji, ndi kachitini kofiira.

"Izi mudye," anatero akuponya buledi ndi soseji patebulo, poti kuno sulowa chimanjamanja m'nyumba ya matenda, ngakhale mwini nyumbayo utadana naye. "Ali kuti mwana wanga?"

Anakhala pampando wa pa kompyuta, anapukuta magalasi, anasisita pamwamba pa sikirini.

"Ndiwe ndithu. Onani apa, ana anakanda ndi kampasi. Ndiye inu a Tcheya, zaka zonsezi mwakhala muli mwana wa sukulu osadziwa? Kompyutayi ikudziwa kuti muli ndi zaka khumi."

"Munaitsekeranji chonchi?"

"Munawaonapo ana a Zoria inu? Tsiku lina ndinapeza makompyuta onse akulemba Chijapanizi. Lina zithunzi zonse zili chadodolido. Chaka chimene tinagula makamera, anyamata anajambulana malo amene sindingawatchule m'nyumba ya Stefania. Ndiye ndinatseka zonse: masetingi, kamera, maikolofoni, kuika mapulogalamu. Kiyi ndinasunga ndekha."

Anatsegula kachitini kaja. Munali timakadi ta maphikidwe, tothimbirira ndi mafuta, totere timapezeka m'khitchini iliyonse kuno.

"Mwabwera kudzaphika?" anafunsa a Myron.

"Khalani chete muphunzire. Ana ankafufuza pasiwedi m'madirowa anga, pansi pa kiyibodi, ngakhale m'chikwama changa. Koma kachitini ka maphikidwe ka m'chipinda cha aphunzitsi palibe anakatsegulapo. Chaka chilichonse ndinkasintha pasiwedi n'kuilemba kuseri kwa kadi lina."

Anatulutsa Wophunzira 14, panabwera malo olembapo dzina la woyang'anira. Anasolola kadi la nkhaka za m'botolo, analitembenuza, anataipa. Inakana. Anasolola la supu wa kabichi. Inakana. La keke ya maapozi, inakananso. A Myron anayang'ana wotchi yapakhoma, inali ikuyandikira 3 koloko. 

"Dikirani," anatero mayiwo, zala zili pa makadi. "Chaka chomaliza. Ndinkadziwa kale kumene zinthu zikupita, mtima wanga sunali bwino." Anapita kumapeto kwenikweni kwa chitini, n'kusolola kadi la mabanzi amene amayi a mpingo wawo amaphika pa maliro. Analitembenuza, anataipa ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Sikirini inathima, kenako inayaka ndi mtundu wina umene a Myron anali asanauonepo.

"Talowa," anatero Mayi Noreen.

Anatsegula kawindo kodzaza ndi mizere ya malamulo, n'kuyamba kuwachotsa limodzilimodzi akuwerenga mokweza. "Osatsegula masetingi, choka. Osayatsa kamera, choka. Osayatsa maikolofoni, choka. Osaika mapulogalamu, choka. Osasewera magemu. Ili ndilisiye, a Tcheya? Mungaiwale ng'ombe."

"Chotsani zonse, chonde."

"Ee, mwati chonde? Ndilembe pa kalendala."

Anachotsa zonse, anasintha dzina la Wophunzira 14 kukhala Myron ndi Stefania, anawapatsa mphamvu za woyang'anira, n'kuizimitsa kuti iyakenso. Kompyuta yokalambayo inayamba kuzungulitsa kampira pa sikirini, osafulumira. A Myron anathira khofi m'makapu awiri. Awiriwo anakhala akuyang'ana kampirako.

"Denga lija linkadontha, Noreen," anayamba a Myron, maso ali pa sikirini. "Ana anali..."

"Mukundiuza ine? Ankatchera ndowa ndani? Sukulu ija inali itafa kale, ndinkadziwa. Voti yanu siinandipweteke kwambiri. Chinandipweteka n'choti ndinamvera ku sitolo, kwa mtsikana wogulitsa, ndili ndi mkaka m'manja. Munadutsa pageti panga usiku womwewo pochokera ku msonkhano. Mukanangoima."

"Ndinaima," anatero a Myron. "Ndinazimitsa injini pamsewu. Manyazi anandigwira, ndinalizanso galimoto. Ndinalakwa. Pepani, Noreen."

Mayiwo anauzira khofi wawo nthawi yaitali.

"Nanenso ndili ndi langa. Makompyuta aja ndinayenera kuwatsegula asanagulitsidwe. Inali ntchito yanga yomaliza. Sindinapite dala, ndinati wogula akaone yekha. Nditamva kuti imodzi mwagula ndinu, ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Sindinaganize kuti tsiku lina idzapweteka Stefania. M'njira monsemu ndimangodzitukwana."

Kompyuta inalira kanyimbo kake. Mayi Noreen anatsegula bulawuza, anadina timadontho titatu tija, ndipo masetingi anatseguka onse, mndandanda wautali kutsika pansi. Anapita pa imelo, anadina linki. Kabokosi kanatulukira pakona kufunsa ngati akulola kamera ndi maikolofoni.

"Apa dinani nokha," anatero akuwakankhira mausi. "Woyang'anira ndinu tsopano."

A Myron anadina. Kanyali kobiriwira kanayaka pa kamera, ndipo pa sikirini panaoneka nkhalamba ina yamaso ofiira, nkhope yonse ili yakuda ndi mthunzi, chibwano ndi milomo zitakwiririka ndi ndevu zoyera. Anadzidzimuka. Chichokereni akazi awo anali asanagwire lezala.

"Iii! Stefania awerenga chiyani m'tchire limeneli?" anakuwa Mayi Noreen. "Thamangani mukamete! Kwatsala mphindi makumi anayi."

Nkhalamba ya maondo owawa inathamanga ndithu. Inameta ndi madzi ozizira, inadzicheka pawiri, inabwerera kapepala katamatira pachibwano. Inapeza mayi aja atatseka katani la windo la kumbuyo kwa mpando, atatenga nyali ya pachipinda chochezera n'kuiika pafupi ndi sikirini kuti iwale pakamwa. Anawakhazika pansi, anawakweza chibwano ndi chala, anapendeketsa kamera pang'ono.

"Basi, pamenepo. Musagwedezeke. Mukakonzeka mudine batani lobiriwiralo." Anayamba kuvala jekete lawo.

"Mukupita?"

"Kukhola. Ndikaone ngati pali ina yatsala pang'ono kubereka. Izi ndi za inu awiri."

A Myron anaimirira, anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awo onse awiri. Munthu amene moyo wake wonse sankapempha analibenso luso lothokoza, choncho anangonena zimene zinali mumtima.

"Noreen, simunayenera kubwera. Mukanakana, palibe akanakudzudzulani. Zikomo. Zikomo kwambiri, mayi. Sindidzaiwala mpaka kufa."

"Zakufa musazitchule lero," anatero mayiwo akupukuta mphuno ndi gulovu. "Mundiperekere moni. Muwauze kuti akuchedwa, nkhaka za chaka chino sindiika ndekha m'mabotolo." Anatuluka, chitseko n'kutsekeka ndi mphepo.

Anadina batani lobiriwira. Kunalira kawiri, kenako panaoneka denga loyera, chala cha Darlene, ndipo pamapeto pake a Stefania. Anali atachepa. Tsitsi linali litamwazika pa pilo, kachubu kali m'mphuno. Koma maso anali omwe aja, ndipo anapita molunjika pakamwa pa amuna awo.

"Mwadzicheka," anatero mokweza, monga amalankhulira anthu osadzimva.

"Pang'ono."

"Mukudya?"

"Noreen wabweretsa buledi."

"Ndani?"

"Noreen. Ali kukhola. Ndi amene wakonza kompyutayi."

A Stefania anakweza nsidze, anafuna kuseka koma chifuwa chinawaletsa. Atapuma anati, "Chabwino. Tandiuzani zimene akunena anthuwa."

Darlene anaima kumbali kumene amayi ake sankamuona, n'kuyamba kuwerenga pepala lija mokweza. A Myron ankamvetsera chiganizo chimodzi, n'kuchibwereza mwachifatse, milomo ikutseguka bwinobwino. Anati kachitseko kena ka mumtima kauma, magazi sakudutsa mokwanira. Anati madokotala aikapo kena. Anati zitenga maola anayi, ndipo akadzuka chifuwa chidzawawa kwa masabata angapo. Anati akapanda kuchita, mtimawo sufika patali. A Stefania ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse.

Kenako Darlene anatsitsa mawu. "Apa alemba kuti pa anthu handiredi a msinkhu wawo, asanu sadzuka. Adadi, ichi musawauze."

A Myron anayang'ana kanyali kobiriwira kaja, anayang'ananso akazi awo.

"Akuti pa anthu handiredi, asanu sadzuka."

"Adadi!"

"Asanu," anabwereza a Stefania.

"Asanu."

A Stefania anayang'ana nkhope ya amuna awo kuyambira pamphumi mpaka pa kapepala ka pachibwano. Kuseri kwa Darlene kunamveka kugogoda pachitseko ndi mawu a dokotala akupereka moni.

"Myron, mukuopa?"

"Ndikuopa kwambiri."

"Nanenso. Nanga mukuti bwanji?"

Milomo ya a Myron inkanjenjemera, ndipo anadziwa kuti ikatero mawu saoneka. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja, anayandikira ku nyali, anayembekeza mpaka itakhazikika.

"Ndikuti sainani, Stefania. Ndikufuna mubwere kunyumba."

A Stefania anawayang'anabe kanthawi. Kenako, osachotsa maso pa sikirini, anatambasula dzanja kumbali.

"Darlene, bolopeni ija ili kuti?"